Chithunzi chakuda cha achimwene

Ine ntchito yanga ndi kusoka. Makina anga amakhala pakhonde la golosale ina pafupi ndi doko, ndipo aliyense amene anavalapo diresi langa pa Idi kapena pa ukwati angakuuzeni kuti sindisoka zokhotakhota. Zojambula zithunzi ndinaziyamba nditakula kale, ndipo zinabwera chifukwa cha nsalu zomwezo. Makasitomala anga a ku Lilongwe ankafuna kuona diresi pa foni asanatume munthu kudzatenga. Ndiye ndinkaveka mtsikana aliyense amene wadutsa, n'kumuimika panja, n'kujambula. Diresi likaoneka bwino, mtsikanayo ankada bii ngati chitsa chopserera. Ndikati ndikonze kuti nkhope ioneke, diresi linkayera mbee, osaonekanso msoko kapena maluwa amene ndinathera nawo maso. Ndinkachita kulusa ndekhandekha ngati pali amene wandiputa.

Dzuwa la kuno kunyanja silidziwa nthabwala. Mchenga umawala, madzi amawala, thambo limawala, ndiye pakati pa zonsezo paime munthu wakuda ngati ine. Msuweni wanga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira kamera yakale ndi laputopu yothyoka pakona, ine n'kumusokera zovala za banja lake lonse. Ndinkaganiza kuti kamera yeniyeni ithetsa vutoli. Ayi ndithu, zinali chimodzimodzi.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku Zomba, wa m'gulu lathu la pa foni la anthu okonda kujambula. Sitinaonanepo maso ndi maso mpaka lero. Anandiuza kuti diso la kamera ndi lopusa poyerekeza ndi la munthu. Munthu amaona mtambo ndi za pansi pa mtengo nthawi imodzi, pomwe kamera imasankha chimodzi, chinacho n'kuchitaya. Mankhwala ake, anatero, ndi kujambula chinthu chimodzi katatu, kamera osaisuntha. Choyamba chikhale chakuda, kuti thambo ndi madzi zisapserere. Chachiwiri chapakati. Chachitatu chowala kwambiri, kuti zonse zobisala mumthunzi zitulukire poyera. Kenako zitatuzo umaziphatikiza pa kompyuta, kutenga chabwino cha apa ndi cha apo. Ojambula amati HDR. Ine nditamva ndinaseka, ndinati amayi inu, umenewo ndiye utelala weniweni, kudula uku ndi uku n'kulumikiza msoko osaoneka.

Koma kunena n'kosavuta. Choimikira kamera cha miyendo itatu ndinalibe, choncho ndinkaika kathumba ka mpunga wa ku Chinguluwe pampando, kamera n'kuikhazika pamwamba pake. Chinthu chikasuntha pakati pa zithunzi zitatuzo, pophatikiza chimatuluka ngati mzukwa. Mbuzi yoyamba imene ndinajambula inatuluka ndi mitu iwiri ndi miyendo yosawerengeka. Komanso dzanja langa linali lolemera pa timizere tija timene umakoka pa kompyuta, kena kowalitsa mithunzi, kena kozimitsa kuwala. Ndinkakoka mpaka kumapeto ngati ndikumanga mtolo wa nkhuni. Mitambo inkaoneka ngati utsi wa matayala, mitengo n'kukhala ndi mkombero woyera m'mbali. A m'gulu aja anandiseka mpaka wina anafunsa ngati ku Salima kwagwa nkhondo. Ndinamuyankha zimene sindingalembe pano.

Pang'onopang'ono dzanja linapepuka. Tsiku lina ndinajambula mwana wa mnansi atavala diresi loyera pansi pa mtengo wa mango, nyanja ili kumbuyo, ndipo zonse zinaoneka monga m'mene maso anga ankazionera: nkhope, maluwa a diresi, mafunde. Ndinavina ndekha pabalaza, amayi akundifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Kuyambira pamenepo Lamulungu likafika ndinkatseka makina n'kuyendayenda ndi kamera ndi kathumba kanga. Ndinafika mpaka ku Chitala kukajambula nkhokwe za eni ake, anthu akundiyesa wa bungwe.

Tsopano achimwene. Tinabadwa awiri okha, iwo oyamba, ine wotsiriza. Anali msodzi kuyambira ali mnyamata, munthu waphokoso, woseka ndi thupi lonse, ndipo chinthu changa chilichonse ankachiyesa chawo. Sizasi yanga yodulira nsalu ankadulira ukonde. Zithunzi analibe. Malemu bambo athu ankati angelo salowa m'nyumba yopachika nkhope za anthu, ndiye tinakula osajambulitsa, ndipo pa ukwati wa achimwene panalibe wojambula. Iwo eni ukawalozetsa foni ankatembenuka, osati chifukwa cha chipembedzo kwenikweni, koma ankati zimenezo n'za anthu osowa chochita.

Chaka chimene anakhoma boti lawolawo, atatopa ndi kugwira ntchito m'maboti a eni, anadzandiitana okha.

"Iwe, tenga chikamera chakocho ukajambule boti lisanayambe kununkha usipa."

"Boti lokha? Mwini wake muimenso pomwepo."

"Ine wandiona kuyambira uli kumsana kwa amayi. Jambula boti."

"Mukapanda kuima, sindijambula."

Anaima, akung'ung'udza. Kunali kum'mawa, dzuwa litakwera ndithu pamwamba pa madzi, m'nyengo ija mvula yangotha ndipo asodzi akukonzekera ulendo wa kuchilumba cha Mbenji. Ndinawaimika patsogolo pa botilo atavala kofia yawo yoyera, nyanja ndi dzuwa zili kumbuyo kwawo. Ndinakhazika kamera pa kathumba ka mpunga, n'kuwauza kuti asagwedezeke mpaka ndinene. Ndinadina katatu. Poyang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, choyamba chinali chokongola kwabasi, mafunde onse, mitambo yonse, utoto watsopano wa boti ukunyezimira, koma achimwene ali bii kuyambira pachipumi mpaka kumapazi. Chachiwiri chinali cha pakatikati, chosakoma uku ndi uku. Pa chachitatu nyanja ndi thambo zinayera mbee ngati pepala, koma nkhope yawo inali pomwepo yonse, akudziletsa kuseka. Ndinachiyang'ana kamodzi kokha, mwachangu, poti ndinkati ndikachiona bwino pa laputopu.

Kunyumba, kumene ndimakhala ndi amayi, ndinapeza magetsi atazima, laputopu ilibe moto, ndipo madiresi a Idi anali ataunjikana osasoka. Kamera ndinaiika m'kabati. Achimwene anali atagula kawailesi kaja kolowetsa memole, koti azimvera nyimbo pachilumba. Memole analibe. Koma mlongo wawo anali nayo, ndiye vuto linali pati? Anabwera ine ndili kumakina, anapereka moni kwa amayi, anatsegula kabati, anatulutsa memole m'kamera ngati akuthyola mango a pakhomo pawo, ulendo kwa anyamata oika nyimbo pamsika. Anyamatawo anawaonetsa zimene zinalimo n'kufunsa ngati pali choti asunge asanafufute.

Ndinazindikira m'mawa mwake. Ndinathamangira kudoko nditangodzikulunga chitenje, n'kuwapeza akukweza ukonde, ufa ndi zigubu za mafuta, kawailesi kali pakhosi kakuimba.

"Memole yanga ili kuti?"

"Si iyi ikuimbayi? Usadandaule, chemwali, zithunzi zako zinali zitatu zofanana, ziwiri zoonongeka. China choyera ngati chagwera mu ufa. Ndakusankhira chabwinocho, anyamata aja atumiza pa foni ya alamu ako."

"Mwafufuta?"

"Nanga zoonongeka ukanasungiranji?"

Ndinawatukwana pamaso pa alovi awo, anyamata okoka ukonde aja, mpaka ena anabisa nkhope m'malaya. Ndinawatchula mbuzi, ndinawatchula wakuba. Iwo ankangoseka, akuti akabwerako ndidzawajambule mpaka kamera itope. Za kutukwanako sindidandaula nazo, tinkatero kuyambira tili ana ndipo iwo zinkawakomera. Anakankha boti, analiza injini, anapita. Alamu anga, akazi awo, anali ataima pambali panga ali oyembekezera.

Mwera wa chaka chimenecho unabwera ndi ukali. Tsiku lina m'nyengo yozizira boti lawo linatuluka pachilumba kukaponya ukonde, mphepo n'kuwapeza pakati pa nyanja. Boti linatembenuzika. Alovi anakangamira zigubu mpaka anzawo anawatola. Achimwene sanaoneke. Amuna anafufuza m'magombe onse, uku ndi uku, nyanja osabweza kanthu. Foni yawo ndi chiphaso chawo cha unzika, chimene chinali ndi kankhope kawo, zinali m'thumba la malaya amene anavala. Ashehe anatsogolera swala, pemphero la maliro, popanda thupi, tinaphika sadaka, anthu anabalalika. Manda oti tingaloze palibe. Mwana anabadwa kutayamba kutentha, wamkazi.

Alamu atatuluka m'chikuta anabwera pakhonde langa mwana ali kumsana, n'kundipatsa foni yawo.

"Alamu, inu mumazidziwa zimenezi. Tulutsanimo nkhope ya bambo ake. Mwanayu asakule osawadziwa."

Ndinavomera mwachangu, ndipo ndinali ndi chikhulupiriro, poti kuwalitsa mithunzi ndinali nditakuzolowera. Ndinaika chithunzicho pa laputopu, n'kukoka kamzere ka mithunzi pang'onopang'ono monga ndinaphunzirira. Malaya awo anayamba kuoneka kuti anali a mizeremizere. Ndinakokanso. Pamalo pa nkhope panatuluka timabokosi, tina tofiirira, tina tobiriwira, ngati nsalu ya zigamba yosokedwa ndi munthu woledzera. Panalibe diso, panalibe mphuno. Ndinabwerera, ndinayesa njira zina, kuwalitsa pankhope pokha, kuchotsa mitundu yonse kuti chikhale chakuda ndi choyera, kusalaza timadontho. Ndikasalaza, pankatsala chinthu chosalala ngati mwala wa m'madzi.

Ndinatumiza ku gulu lija. Anthu amene ankandiseka aja anayesa aliyense ndi makina ake, Mulungu awadalitse, koma onse anabweza timabokosi tomwe tija. Mayi wa ku Zomba anandifotokozera mosabisa. Chithunzi chikamatumizidwa pa foni chimafinyidwa kuti chipepuke, ndipo zoyamba kutayidwa ndi za mumdima, poti makinawo amaganiza kuti palibe amene adzazifune. Chochokera m'kamera mwenimweni chimasunga zambiri mumthunzi, koma ichi chinali chitadutsa kwa anyamata a pamsika ndi m'mafoni. Kenako anafunsa kuti, nanga memole ija ili kuti? Anati memole ikafufutidwa zithunzi sizichokeratu, zimakhalamobe mobisika mpaka zinthu zina zitadzaikidwa pamwamba pake. Memole yanga inali yaikulu, nyimbo za achimwene zinali zochepa. Mwayi unalipo.

Ndinafunsa mmodzi mwa alovi opulumuka aja. Anati kawailesi sikanapite nawo panyanja tsiku lija, kanatsala mumsasa pachilumba pamodzi ndi katundu wawo wina. Ndinadzambatuka pampando ngati ndinyamuka pomwepo. Koma ndikanapita bwanji? Ku Mbenji mkazi sapondako. Ndi lamulo la makolo, limodzi ndi loletsa mowa ndi njuga, ndipo ine ndinakula ndikulilemekeza. Chaka chimenecho ndinalitukwana mumtima. Maboti ankanyamuka ine ndikuona, memole yanga ili kutsidyako, miyendo ndili nayo, koma ndine mkazi.

Katunduyo ankasunga mnzawo wa achimwene wa kuyambira ubwana, bambo wopemphera kwambiri, amene anabwerera kuchilumba maliro atatha. Ndinawaimbira foni. Mawu ankadukaduka ndi mphepo. Ndinawauza mobwerezabwereza kuti achotse memole m'kawailesi, aikulunge papepala, asaikemo kanthu kalikonse, muli zithunzi.

"Zithunzi si anafufuta malemu, ine ndili pomwepo?"

"Inde, koma zilimobe. Chonde musaikemo kanthu."

Kenako anati, "Musadandaule, chemwali, tisamala." Ndinamva m'mawu awo kuti akundiyesa wozunguzika ndi maliro.

Anabwera chilumba chitatsekedwa, mvula yoyamba itagwa. Anafika kunyumba ndi anzawo awiri, atavala mikanjo, atanyamula mtolo. Tinayala mphasa, alamu anabwera ndi mwana. Bambo aja anamasula mtolowo: bulangete, ketulo, kamkeka ka swala, ndi kawailesi kaja atakapukuta bwinobwino. Kenako anakhosomola n'kulankhula ndi amayi.

"Mayi, wailesiyi inali ndi nyimbo za dansi, zachinyamata. Tinakambirana anzake tonse kuti singalowe choncho m'nyumba ya maliro. Ndiye titatsika padoko tinapita nayo kwa anyamata, tachotsa zonse zija, taikamo masura onse a Kurani kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, mapemphero a maduwa, ndi maulaliki a mashehe. Tadzaza mpaka yakana. Ikamalira, thawabu zake, madalitso amenewo, zizimufika mwana wanu kumene ali."

Anatsegula. Mawu a Chiarabu anadzaza nyumba. Amayi analira akuthokoza, alamu analira, onse akudalitsa amuna aja. Ine ndinati, "Ndinakupemphani kuti musaikemo kanthu."

Bambo aja anandiyang'ana ndi chifundo chenicheni. "Chemwali, mawu a Mulungu sangaononge kanthu."

Ndikanayankha chiyani pamaso pa amayi? Ine amene pakamwa panga amapaopa msika wonse, ndinati zikomo. Ndinapita kuseri kwa bafa, ndinaluma chitenje kuti asandimve.

Ndinayesabe. M'mawa mwake amayi atapita kwa anansi ndinatulutsa memole, n'kuiika pa laputopu ndi pulogalamu yofukula zofufutidwa imene a m'gulu ananditumizira. Inayenda tsiku lonse, ine ndikupemphera kuti magetsi asazime. Inafukula zinthu zochepa. Diresi la mkwatibwi wina. Nkhokwe ya ku Chitala yodukira pakati. Zina zinkakana kutseguka. Ndiye panali chimodzi chachikulu, ndipo nditaona kuti chayamba ndi kuyera mbee ndinadziwa kuti ndi chachitatu chija. Chinkatseguka kuchokera pamwamba kutsika pansi, poti laputopu yanga ndi yaulesi. Thambo loyera. Thambo loyerabe. Kenako nsonga ya kofia, ulusi wake ukuoneka umodziumodzi, mpaka kadontho ka mafuta a injini kamene kanakana kuchoka pochapa. Kofia inatsika mpaka m'mphepete mwake. Pamenepo panadutsa mzere wowongoka, ndipo kuchokera apo mpaka pansi panali potuwa pokhapokha ngati simenti.

Ndinatseka, ndinatsegulanso, ngati kuti chisintha maganizo. Memole ndinaitumiza ku Lilongwe kwa wina wa m'gulu wodziwa makompyuta, inabwerako ndi kofia yomweyo. Ndinaibwezera m'kawailesi, poti amayi anali atayamba kufunsa. Mpaka lero amakatsegula m'mawa uliwonse, ndipo ine ndimasesa pabwalo ndikumva masura amene anakhala pamwamba pa nkhope ya mlongo wanga. Sindikwiyira mawuwo, Mulungu andikhululukire, koma sindingakunamizeni kuti amanditonthoza. Alamu ndinangowauza kuti ndikuyesabe. Ndinakhala ndikuwauza zimenezo mpaka mwana anayamba kuyenda, anayamba kulankhula, anayamba sukulu ya mkaka.

Mwanayo ankachidziwa chithunzi chakuda chija. Ankatenga foni ya mayi ake n'kuloza boti, n'kuloza nyanja, n'kuloza munthu wakudayo n'kunena kuti ababa. Tsiku lina anafunsa ngati ababa ake analibe maso. Alamu funso limenelo linawalasa. M'mawa mwake anakwera galimoto kupita kutauni osandiuza.

Nditamva ndinadziwa kumene apita. Masiku ano kuli mapulogalamu amene ukawapatsa chithunzi choonongeka amachikonza mopeka. Safukula nkhope imene inalipo, poti palibe choti afukule. Amatenga pa nkhope za anthu ena osawerengeka n'kuumba yoti ikwane pamalopo. Ndinali nditayesapo ndekha kamodzi, n'kufufuta msangamsanga ndi mantha. Wa pa situdiyo kumene alamu anapita kutauniko sanachite mantha ngati ine. Anadina, anasindikiza, anaika m'felemu yonyezimira.

Alamu anabwera nacho atachikulunga m'chitenje, akumwetulira koyamba chichitikireni maliro. Boti linali lomwe lija, nyanja yomwe ija, kofia, malaya a mizeremizere. Pakati pake panali mwamuna wokongola, wa khungu losalala ngati sanapsepo ndi dzuwa, mphuno yowongoka, mano oyera ondondozana bwino, akumwetulira mwaulemu ngati wa kubanki. Amayi, amene maso awo achita nkhungu, anachiyandikiza kumaso n'kunena kuti, "Ndi yemweyo mwana wanga, koma wanenepa."

"Amenewa si achimwene," ndinatero.

"Alamu, musayambe."

"Ndikuti si iwo! Munakhala nawo nyumba imodzi, simukuona? Munthu uyu sanagwirepo nkhafi chibadwire."

Alamu anga ndi munthu wofatsa, anali asanandikwezerepo mawu. Tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso. "Ndikuona, alamu, sindine wakhungu. Koma inu mwakhala nacho zaka zonsezi, mwatipatsa chiyani? Mwana akufuna maso oti aziwayang'ana."

Anachipachika pabalaza pawo, mwana anakwera pampando n'kuchipsompsona.

Ndinaganiza kuti mwina ndingachikonze, kuti mlendoyo ayandikire kwa achimwene ngakhale pang'ono. Ndinachijambula ndi kamera, ndinachiika pa laputopu. Ndinadetsa khungu, ndinakulitsa mphuno pang'ono, ndinabweza, ndinakulitsanso. Achimwene anali ndi chipsera pamwamba pa diso, chingwe cha injini chinawakwapula ali mnyamata. Ndinakonzeka kuchiikapo, n'kuima. Diso lake liti? Ndinafunsa amayi, anati lamanja. Alamu anati lamanzere, kenako anati mwina lamanja. Mnzawo wa wailesi uja anati iye akukumbukira chili pachibwano. Ndinatsinzina kuti ndiwaone ndekha monga ndinkachitira kale, ataima padoko akuseka. Thupi linabwera, mawu anabwera, kuseka kunabwera. Pankhope panabwera mwamuna wa kubanki uja. Ndinamuthamangitsa, anabweranso. Ndinali nditamuyang'ana masiku ambiri pomukonza, pomwe nkhope yeniyeniyo ndinali ndisanaione kwa zaka. Ndinachita mantha kuposa tsiku la uthenga wa maliro, ndipo ndikunena zoona. Ndinatseka laputopu osasunga chilichonse. Kamera masiku ano ndimangojambulira madiresi.

Mwezi wathawu mwanayo anabwera pakhonde kuti ndimuyeze yunifolomu, akuyamba sitandade wani. Ndinamuimika patsogolo pa galasi langa lalitali. Sankaima bwino, ankangodziyang'ana, akugwira mphuno, akutsegula pakamwa kuona mano.

"Ima bwino iwe, ndikubaya ndi phini."

"Azakhali, anzanga akuti ababa a pakhoma aja si anga. Akuti sindifanana nawo."

Tepi inali m'chiuno mwake. Ndinkafuna kumuuza kuti anzakewo akunena zoona, kuti munthu uja si bambo ake, si bambo wa wina aliyense, sanabadwepo n'komwe. Koma ndikamuchotsera ameneyo ndimupatsa uti? Ndinamuyang'ana pagalasipo kufunafuna achimwene pankhope pake. Anthu amati chipumi ndi chawo. Mwina. Ine sindingalumbirenso.

"Azakhali, ndimafanana nawo pati?"

Ndinakumbukira kuti pulogalamu ija inadzaza mkati mokha. M'mphepete mwa mutu, pamene mdima unkagundana ndi kuwala kwa nyanja, inasiya monga kamera yanga inajambulira.

"Makutu," ndinatero. "Makutuwa ndi a bambo ako enieni."

Anawagwira onse awiri, anaseka, anathamangira kwawo kukaona ndisanamalize kumuyeza. Alamu anadzandiuza kuti atafika anakwera pampando, anayang'ana makutuwo pang'ono chabe, kenako anabwerera ku maso aja, ndipo ndi masowo amene anawafotokozera za yunifolomu yake yatsopano.